Panorama Ikaduka Pamsoko: Musanagule Lenzi Ina, Onani Kaye Potembenukira Kamera

Funso: Ndili ndi kamera ya mirrorless (yopanda kalilole m'kati) ya sensa (kachipangizo kolandira kuwala) ya APS-C, ya mamegapikiselo 24, pamodzi ndi lenzi ya zumu ya 16-50mm ndi ina ya 35mm. Ndayamba kuyesa panorama, zija timajambula zithunzi zingapo n'kuzilumikiza pa kompyuta. Za mapiri akutali zikutuluka bwino, koma pakangokhala mpanda kapena mtengo pafupi, waya amaduka pakati ndipo nthambi zimaoneka ziwiriziwiri. Kumwamba nakonso kumatuluka mawangamawanga, pena pakuda pena poyera. Mnzanga wina akuti ndigule lenzi yotambasuka kwambiri, wina akuti ndisinthe kamera ndigule ya full frame, ya sensa yaikulu kuposa ya APS-C. Ndiyambe kugula chiti?

Yankho: Pa ziwirizo musagule chilichonse. Kamera muli nayoyo ikukwana, ndipo lenzi yanu ya 35mm ndi yabwino kwambiri pa ntchito imeneyi. Mwafotokoza matenda awiri osiyana, lililonse ndi mankhwala ake, ndipo onse awiri angakutsatireni ngakhale mutagula kamera yodula kuposa zonse. Kuduka kwa waya kukuchokera pa malo amene kamera ikuzungulirapo. Mawanga akumwamba akuchokera pa kuilola kamera kusintha maganizo pakati pa chithunzi ndi chinzake.

Ndiyambe ndi waya, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yaikulu.

Tambasulani mkono, imikani chala chachikulu, ndipo mubise nacho chinthu china chakutali, kaya ngodya ya chitseko kaya mtengo. Tsinzinani diso lamanzere. Kenako litseguleni, mutsinzine lamanja. Chala chidumpha, pomwe chakutali chija chili pomwepo. Simunasunthe mkono, mwangosintha poonera ndi masentimita asanu ndi limodzi okha kapena kupitirirako pang'ono. Ojambula amati parallax. Ndi zomwezo zikuchitika pa zithunzi zanu. Pa chithunzi choyamba msanamira wa mpanda waima kutsogolo kwa thanthwe linalake la paphiri. Pa chachiwiri, poti diso la kamera lasuntha, msanamira womwewo waima kumanzere kwa thanthwelo. Pulogalamu yosokera zithunzi ikaona zimenezi imasowa pogwira: ikalumikiza phiri, mpanda uduka, ikalumikiza mpanda, phiri lisemphana. Nthawi zambiri imasankha phiri poti ndi lalikulu, mpanda n'kutsala wothyoka.

Tsono diso la kamera lili pati? Sili pa sensa, komanso sili pa kabowo ka sikuluu kamene mumamangira kamera pa thirayipodi. Lili m'kati mwa lenzi. Mungathe kuliona ndi maso anu. Ikani lenzi pa f/16 kuti kabowo kolowera kuwala kachepe, mutembenuze kamera ikuyang'aneni, ndipo musuzumire m'galasi lakutsogolo pamalo owala bwino. Muona kabowo kakang'ono kozunguliridwa ndi timasamba tachitsulo, kooneka ngati kakuyandama penapake m'kati. Pamene kabowoko kakuonekera, osati pamene timasambato tili kwenikweni, ndi pomwe lenzi imaonera dziko. Dzina lake lenileni ndi entrance pupil. M'masitolo ndi m'makambirano a ojambula mumva akuti nodal point. Dzinalo linangozolowereka, koma kwa akatswiri a magalasi nodal point ndi malo ena. Zilibe kanthu mulitcha chiyani, bola kamera izungulire pamenepo.

Kuti muone kukula kwa vutoli, tiwerengere limodzi. Lenzi ya 35mm pa sensa ya APS-C imaona madigiri pafupifupi 37 mbali yaitali ndi 25 mbali yaifupi. Mukaimika kamera chilili, monga ndikulangizeni kutsogoloku, mapikiselo 4000 ndiwo agawana madigiri 25 aja, kutanthauza mapikiselo 160 pa digiri iliyonse. Tinene kuti diso la lenzi lili masentimita 6 kutsogolo kwa potembenukira, ndipo mwazungulitsa kamera madigiri 17. Diso lija lasuntha pafupifupi masentimita awiri kupita cham'mbali. Kwa phiri lomwe lili pa mtunda wa makilomita awiri, kusunthako si kanthu, sikufika ngakhale pikiselo imodzi. Kwa mpanda womwe uli pa mamita awiri, ndi theka la digiri, mapikiselo pafupifupi 80. Waya wopyapyala sangabise zimenezo. Ndipo ngati mumajambula mutanyamula kamera m'manja n'kumatembenuza thupi lonse, kamera ili pafupifupi masentimita 30 kuchokera pakati pa thupi lanu, ndiye cholakwikacho chichulukitseni kasanu. Apa mwaona chifukwa chake mapiri anu akhala akutuluka bwino masiku onsewa. Sikuti munkachita mwayi, koma kuti anali kutali.

Kupeza malo oyenera sikufuna makina. Mufunika thirayipodi ndi kachitsulo kaatali kotsetserekapo kamera, kamene amakatcha nodal rail, kolola kamera kubwerera m'mbuyo mpaka lenzi ikhale pamwamba pa potembenukira. Ine ndimachitira pawindo. Ndimamata kachidutswa ka tepi wakuda choimirira pagalasi, ndimaimika kamera pafupifupi mita imodzi kuchokera pawindopo, ndipo ndimasankha chinthu choongoka chakutali panja, monga polo yamagetsi. Ndimasuntha thirayipodi mpaka tepi ndi polo zikhale pamzere umodzi pakati pa sikirini, ndipo ndimaika f/16 kuti zonse ziwiri zioneke. Kenako ndimazungulitsa kamera kumanja mpaka ziwirizo zifike m'mphepete mwa chithunzi, ndikukulitsa pa sikirini kuti ndione bwino. Tepi ikathawira kumanzere kwa polo pamene ndatembenukira kumanja, ndiye kuti lenzi idakali patsogolo kwambiri, ndimabweza kamera m'mbuyo mamilimita asanu. Ikathawira kumanja, ndapitirira, ndimakankhira kutsogolo. Ndimabwereza kumanja ndi kumanzere, pang'onopang'ono, mpaka tepi imamatire pa polo osasiyana nayo kulikonse ndingatembenukire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ntchito yake siposa mphindi khumi ndi zisanu, ndipo mumangoichita kamodzi pa lenzi iliyonse. Nambala ya pa kachitsuloko ilembeni pa katepi, mumate m'kati mwa chivindikiro cha lenziyo.

Zumu yanu ija ikuvutitsani pang'ono pamenepa, chifukwa diso lake limasuntha mukasintha kuchoka pa 16mm kupita pa 35mm kapena 50mm. Mungathe kuyeza malo awiri kapena atatu n'kulemba onse, koma poyamba gwirani ya 35mm ija basi.

Nanga tsiku limene simunanyamule thirayipodi? Pindani zala, muimike chala chachikulu pansi pa lenzi, cha pakati pake, kuti chikhale ngati msomali wozungulirapo. Dzanjalo lisasunthe. Inuyo ndi amene muziyenda kuzungulira kamera, osati kamera kuzungulira inu. Poyamba zimamveka zachilendo, chifukwa thupi limafuna kutembenuka m'chiuno, koma mukazolowera mupeza kuti ngakhale mtengo wa pa mamita asanu ukulumikizika bwino. Ena amamangirira chingwe chokhala ndi kamwala pa lenzi n'kuonetsetsa kuti kamwalako kakulendewera pamwamba pa tsamba kapena kadontho kamodzi kapansi. Zimathandiza ndithu pakakhala palibe mphepo.

Tibwere kumwamba kuja. Kamera ikakhala pa Auto, pa P, pa A kapena pa S, imayeza kuwala mwatsopano pa chithunzi chilichonse. Mukaloza kumene kuli dzuwa imachepetsa kuwala, mukaloza kunkhalango imawonjezera, ndipo thambo limodzi lomwelo limatuluka ndi maonekedwe asanu ndi awiri. Ikani pa M, pamene kuwala mumakukonza nokha. Musanayambe kujambula, yendetsani kamera kudutsa malo onse amene mukufuna, maso ali pa histogram (kagirafu koonetsa kuchuluka kwa zowala ndi zakuda), mupeze mbali yowala kwambiri. Konzani shata (nthawi imene kuwala kumalowa) ndi aperture (kukula kwa kabowo ka lenzi kaja) moti mbali imeneyo isapsereze, ndiye musakhudzenso. Mbali zakuda muzidzawalitsa pa kompyuta, zopserera sizibwerera. Pa malo akutchire f/8 ndi poyambira pabwino, ISO (nambala yowonjezera kuwala kumene sensa yalandira) ikhale yotsikitsitsa.

Pali msampha umene umakola anthu ambiri: aika pa M koma ISO yatsala pa Auto. Kamera imapitiriza kusintha kuwala mwakachetechete kudzera pa ISO, mwini wake akuganiza kuti wakhoma zonse. Inenso zinandichitikira m'bandakucha wina m'mbali mwa madzi, nditadikirira nkhungu kwa maola awiri. Ndinajambula zithunzi zisanu ndi zinayi ndili wosangalala, ndipo nditafika pa kompyuta ndinapeza ISO ikuyambira 100 mpaka 800. Ndinazikonza poti zinali za RAW, mafayilo osakonzedwa osunga zonse zimene sensa inaona, koma mbali ina inatuluka yosalala, ina yamchengamchenga, ndipo mpaka lero ndikachiyang'ana chithunzicho ndimauona msoko. White balance, yomwe imakonza mtundu wa kuwala, nayonso ichotseni pa Auto, muike pa kachizindikiro ka dzuwa kapena pa nambala imodzi monga 5500K. Mukajambula RAW mungathe kuifananitsa pambuyo pake, komabe n'kwabwino kuzolowera. Zothandizira zija zowalitsa mithunzi zokha, zomwe Sony imati DRO, Nikon imati Active D-Lighting, Canon imati Auto Lighting Optimizer, muzizimitse.

Ngati pa lenzi pali fyuluta ya polarizer, ichotseni. Fyuluta imeneyi imadetsa thambo kwambiri pa mbali imene yatalikana ndi dzuwa madigiri 90, ndipo mphamvu yake imachepa mukamayandikira dzuwa kapena mukalifulatira. Pa chithunzi chimodzi chopapatiza zimakongola. Pa panorama ya madigiri 120 mupeza chibanga chakuda bii pakati pa thambo, chomwe palibe pulogalamu ingachichotse bwinobwino. China chobweretsa mizere ndi kuda kwa m'makona kumene lenzi zambiri zimakhala nako, makamaka zikatsegulidwa kwambiri. Pa f/8 kumachepa, ndipo mukayatsa lens profile (chokonzera zolakwika za lenzi mu pulogalamu ya pa kompyuta) pa zithunzi zonse musanazisoke, kotsalako kumatha.

Tsono za mirrorless, poti ndi imene muli nayo. Makamera amenewa anayamba ndi Panasonic Lumix G1 mu 2008, Sony inatulutsa A7 ya full frame mu 2013, ndipo Nikon ndi Canon zinatulutsa zawo za full frame, Z6, Z7 ndi EOS R, mu 2018. Kwa wojambula panorama, phindu lawo lalikulu ndi lakuti zonse zofunika mumazionera m'diso limodzi: levulo yamagetsi, histogram, mizere ya zebra yochenjeza powala mopitirira, ndi kukulitsa chithunzi kuti fokasi igwere penipeni. Kuyeza kwa pawindo ndafotokoza kuja kunali kotopetsa pa makamera akale. Lero mumangokulitsa kakhumi n'kuona tepi ndi polo ngati zili pamphuno. Mulibenso kalilole wodumpha m'kati wogwedeza kamera. Komanso poti lenzi imakhala pafupi kwambiri ndi sensa, mamilimita 18 pa Sony E, 16 pa Nikon Z, 20 pa Canon RF, pomwe pa Nikon F yakale anali 46.5, mungathe kuvekapo lenzi zakale za nthawi ya filimu pogwiritsa ntchito adaputa. Ine ndimazikonda kwambiri pa ntchito imeneyi. Fokasi yake ndi ya dzanja yeniyeni, aperture ili pa mphete, ndipo pomwe mwaziika zimakhala pomwepo mpaka mutazikhudzanso.

Ndatchula zimenezi dala, chifukwa lenzi zambiri za mirrorless mphete yake ya fokasi siyendetsa magalasi mwachindunji, imangotuma kamota. Pa zina mwa izo, kamera ikagona kapena mukaizimitsa, fokasi imasuntha, ndipo zumu zina zing'onozing'ono zamota zimabwerera m'kati n'kuiwala pamene zinali. Mukakonza fokasi n'kuyamba kudikira kuti mtambo udutse, kamera igona, mukaidzutsa theka la panorama yanu lituluka lachimbuuzi. Talikitsani nthawi yogonera musanayambe, ndipo nyamulani batire yachiwiri popeza sikirini imadya moto. Fokasi ichiteni kamodzi pa chinthu chofunika, musinthire ku MF, fokasi ya dzanja, muonenso mutakulitsa.

Misampha ina ndingoidutsa mwachangu. Chothetsa kugwedera, kaya cha m'kamera kaya cha mu lenzi, chizimitseni kamera ikakhala pa thirayipodi. M'manja chisiyeni choyaka. Sensa ya mirrorless imakhala pamtetete mukavula lenzi, ndipo kafumbi kamodzi kadzaoneka kasanu ndi kawiri motsatizana m'thambo mwanu, choncho jambulani khoma loyera pa f/16 musanachoke pakhomo muone ngati ndi yoyera. Shata yamagetsi yosachita phokoso imatha kubweretsa mizere pansi pa mababu a LED komanso kupinda zinthu ngati mukujambula kamera ikuyenda. Imani kaye, dinani, kenako tembenukani. Ndipo panorama yochita yokha m'kamera, yonga Sweep Panorama imene Sony inaika pa NEX-5 mu 2010, ndi yabwino poyesera ngati malowo akuyenera, koma imakupatsani JPEG yochepa ndipo msoko ukalakwika simungaukonze.

Chinthu china chimene sindifuna muchinyalanyaze ndi levulo. Anthu amayang'ana levulo ya m'kamera, aona yafika pobiriwira, n'kuyamba kuzungulitsa. Pofika chithunzi chachisanu dziko lapendekeka, ndipo panorama ituluka yokhota ngati uta, moti poidula kuti iwongoke amataya thambo ndi pansi pomwe. Chofunika kukhala pa levulo si kamera yokha, koma chozunguliracho. Ngati thirayipodi yanu imazungulira m'munsi mwa mutu wake, ndiye miyendo ndiyo iyenera kukonzedwa mpaka thovu la levulo likhale pakati. Yesani motere: yatsani levulo ya m'kamera, zungulitsani kuchoka kumanzere mpaka kumanja osajambula. Ikakhalabe yoongoka ulendo wonse, mwakhoza.

Kamera iimikeni chilili. Zimaoneka ngati zosemphana ndi nzeru, poti chithunzi chikufunika chachitali cham'mbali, koma utali mungauwonjezere ndi zithunzi zina, pomwe msinkhu mumangoupeza kuchokera pa chithunzi chimodzi. Chilili mupeza madigiri 37 ndi mapikiselo 6000 kuchoka pansi kufika pamwamba. Chogona mupeza 25 ndi 4000 okha, ndipo mukadula m'mphepete mutsala ndi kansalu kopyapyala ngati lamba. Chithunzi chilichonse chiphimbe gawo limodzi mwa magawo atatu la chinzake. Yatsani mizere ija yogawa sikirini patatu: chinthu chomwe chili pa mzere wakumanja chifike m'mphepete mwa kumanzere pa chithunzi chotsatira. Pamene pali thambo lokhalokha kapena madzi osalala, phimbani mpaka theka kuti pulogalamu ipeze pogwira. Ndi lenzi yanu, zithunzi zisanu ndi ziwiri zikupatsani madigiri pafupifupi 120, mapikiselo 20,000 m'litali ndi 6000 mumsinkhu, mamegapikiselo pafupifupi 120 musanadule. Pa mapikiselo 300 pa inchi, chimenecho ndi chithunzi chopitirira mita imodzi ndi theka pakhoma, chooneka tsamba lililonse. Ndi kamera yomweyo imene mnzanu akuti musinthe. Dziwaninso kuti fayilo yake ya TIFF ya 16-bit imaposa mamegabaiti 700, ndiye kompyuta yofooka ipuma movutikira.

Wonjezerani chithunzi chimodzi kumayambiriro ndi china kumapeto, kupitirira pamene mukufuna, kuti mukhale ndi podula. Ine ndimajambulanso chala changa ndisanayambe ndi chikhatho ndikamaliza. Pakati pa zithunzi mazana atatu za tsikulo ndimadziwa msanga gulu lililonse pomwe layambira ndi pothera.

Zoyenda ndiye zilibe mankhwala athunthu. Munthu akamayenda mbali yomwe mukuzungulira angaoneke kawiri, choncho zungulirani mosemphana naye, kapena dikirani akhale pakati pa chithunzi, osati pamsoko. Mafunde ndi ovuta kuposa zonse: jambulani chithunzi chilichonse funde likafika malo ofanana, kapena talikitsani shata mpaka madzi asalale. Dzuwa likamalowa kuwala kumasintha pa mphindi imodzi yokha, ndiye konzekerani zonse kukadali kowala, nthawi ikakwana mumalize gulu lonse m'masekondi makumi awiri kapena atatu. Dinani ndi rimoti kapena ndi kuchedwetsa kwa masekondi awiri kuti dzanja lisagwedeze kamera.

Posoka, pulogalamu ya Lightroom yakhala ndi njira yolumikizira panorama kuyambira 2015, ndipo ubwino wake ndi wakuti imakubwezerani fayilo ya DNG yomwe mungaikonze ngati RAW. Kuipa kwake n'kwakuti ikalakwitsa simungaiuze polakwika. Pulogalamu ya Hugin ndi yaulere, inamangidwa pa Panorama Tools ya Helmut Dersch, ndipo ngakhale imaopsa poiona koyamba, imakulolani kuloza nokha kuti kadontho aka pa chithunzi ichi ndi komweko pa chinzake, komanso kuphimba munthu kapena nthambi imene simukufuna ilowe pamsoko. PTGui ndi yogula, imachita zomwezo mwachangu kwambiri. Zithunzi zanu zakale za mpanda zija musazitaye. Zina mungazipulumutse pouza pulogalamu kuti mpanda wonse iutenge pa chithunzi chimodzi.

Pulogalamu iliyonse ikufunsani momwe mukufuna chithunzicho chiyalidwire. Zili ngati kuyala khungu la mpira pathebulo: penapake payenera kukokeka. Perspective imasunga mizere yonse yoongoka, n'chifukwa chake ndi yabwino pa nyumba, koma mukapitirira madigiri 100 m'mphepete mumatanuka moipa. Cylindrical imasunga zoimirira zili zoongoka n'kupinda zogona zomwe sizili pakati, ndipo ndi yomwe ndimasankha pa mapiri ndi zigwa. Spherical ndi ya zozungulira kwambiri, mpaka madigiri 360. Musamalole pulogalamu kukusankhirani. Yesani zonse zitatu muone ndi maso.

Ndibwerere kwa anzanu aja. Wa full frame akunena zoona pa chinthu chimodzi: sensa yaikulu ya mamilimita 36 kwa 24 imachita bwino mumdima, ndipo mukadzayamba kujambula nyenyezi muidzaiganizire. Koma parallax siisamala kukula kwa sensa, ndipo kusoka zithunzi n'komwe kumapatsa kamera yaing'ono mphamvu ya yaikulu. Wa lenzi yotambasuka ndiye ndikutsutsana naye kwambiri. Lenzi ya 10mm kapena 12mm imachepetsa phiri mpaka lioneke ngati chulu, imadzaza theka la chithunzi ndi thambo lopanda kanthu, ndipo imalowetsa udzu wa pamapazi anu, womwe ndi umene umaduka. Panorama zimene ndimazinyadira zambiri ndinazijambula ndi lenzi zapakati kapena zazitali, chifukwa phiri limakhalabe ndi ulemerero wake monga momwe diso linalionera.

Komabe pali pamene lenzi yotambasuka ikuthandizeni, ndipo si chinyengo ayi: kujambula chithunzi chimodzi n'kuchidula pamwamba ndi pansi. Hasselblad XPan, yomwe inatuluka mu 1998 mogwirizana ndi Fujifilm, inkajambula pa filimu ya 35mm zithunzi za mamilimita 65 kwa 24, ndipo maonekedwe amenewo ojambula amawakondabe. Mukadula chithunzi chanu motero mutsala ndi mapikiselo 6000 kwa 2215, mamegapikiselo 13, okwanira pa intaneti ndi pa pepala lapakatikati. Pa mafunde, pa khamu la anthu, pa mbalame zouluka, njira imeneyi imaposa kusoka. Zumu yanu pa 16mm ikukwana kale.

Ndinenepo za mtima wanga pang'ono. Oyamba kumene amakonda kulowetsa zonse, madigiri 180 kapena kupitirira, poti n'zotheka. Zotsatira zake ndi chithunzi chimene diso limangoyendamo osapeza pokhala. Chithunzi chachitali chimawerengedwa ngati chiganizo, kuchoka mbali ina kupita ina, ndipo chimafuna poyambira, pothera, ndi chinthu chimodzi cholemera chogwira diso, kaya mtengo, kaya nyumba, kaya kuwala kogwera pamalo amodzi. Kawirikawiri chinthu chimenecho chimakhala chapafupi. Ndiye chifukwa chake ndakhalitsa pa nkhani ya potembenukira: mukangothawa zinthu zapafupi poopa kuduka, zithunzi zanu zikhala zosoka bwino koma zopanda kuya. Mpanda umene ukukuvutitsaniwo mwina ndiwo ukupatsa chithunzicho moyo.

Mukadzafuna kusewera ndi zachilendo, yesani njira imene inatchuka ndi Ryan Brenizer, wojambula maukwati wa ku New York. Mumatsegula lenzi mpaka mapeto, tinene f/1.8, mumakhoma fokasi pa munthu, mumamujambula iyeyo choyamba asanasunthe, kenako mumajambula zomuzungulira m'mizere, kumanzere, kumanja, pamwamba ndi pansi. Mukasoka mumapeza chithunzi chotambasuka koma kumbuyo kuli mbuu, maonekedwe omwe lenzi imodzi pa sensa yanu singapereke. Ndi panorama ndithu, ngakhale sichikhala chachitali.

Ngati ndalama ija ikuyabwabe m'thumba, yambani ndi L-bracket, kachitsulo kopindika ngati L, yokwana kamera yanu, kuti muziimika chilili ili pakatikati pa thirayipodi m'malo moigwetsera cham'mbali. Kenako nodal rail ya masentimita pafupifupi 15, yolowa pa chomangira cha mtundu wa Arca-Swiss. Chachitatu ndi leveling base, yoikidwa pansi pa mutu wa thirayipodi kuti muziwongolera levulo, yokuchotserani ntchito yolimbana ndi miyendo. Mitu ikuluikulu ya mizere ingapo, monga ya Nodal Ninja, idikire mpaka mutayamba kujambula m'kati mwa nyumba kapena zozungulira madigiri 360.

Sabata ino bwererani pa mpanda womwe uja ndi lenzi ya 35mm, pa M, f/8, ISO 100, fokasi yokhoma, kamera chilili. Jambulani gulu loyamba monga mwa masiku onse, mukutembenuka m'chiuno. Lachiwiri, chala chachikulu chili pansi pa lenzi, inuyo mukuzungulira kamera. Musoke onse awiri pa cylindrical, mukulitse pa 100%, ndipo mutsatire waya wapamwamba kuchoka pa msanamira woyamba mpaka womaliza.